Dzina la Anankhoma Lomwe Sindinalembe

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano pakhonde, iwe uli ku Old Town ndi amayi ako kukagula majuzi ndi mapoto. Ndikanati ndikuuze pakamwa tikanangothera kukangana, chifukwa iwe munthu asanafike pakati pa nkhani umakhala utapeza kale pomugwirira. Unatengera amayi ako. Ndiye ndati ndilembe, uwerenge wekha mpaka kumapeto.

Dzulo unasiya mapepala a ntchito yako patebulo ndipo ndawawerenga, usakwiye. Chingerezi chanu cha masiku ano chinandizunguza mutu, koma mutu wa nkhani ndinaugwira. Bungwe lomwe lakulemba ntchito ku Mzimba lalandira thandizo lochokera kunja, loti lizithandiza amayi amasiye ndi ena olandidwa minda ndi nyumba kuti nkhani zawo zizifika kubwalo la milandu. Iwe ntchito yako ndi kukonza ndondomeko ya kalondolondo, kuti eni thandizowo ndi inu nomwe muzidziwa ngati ntchitoyo ikuthandizadi anthu kapena mukungotentha mafuta a galimoto. Ndinanyadira kwabasi. Koma nditafika patsamba lachitatu ndinaona mabokosi awiri, lina loti mabanja ofikiridwa, lina loti milandu yotsekedwa. Mabokosi amenewo ndikuwadziwa. Ndinawadzazapo ine iwe usanabadwe, ndipo amene anapwetekeka nawo ndi Anankhoma, omwewa anakulera, omwe anakubereka kumsana mpaka unayamba kuyenda. Nkhaniyi sindinakuuzepo. Ndikuopa kuti ukamaliza kuwerenga sudzandiyang'ananso ngati kale, koma chomwe ndikuopa kuposa pamenepo n'chakuti upite ukachitire munthu wina zomwe ine ndinawachitira iwo.

Likulu litayamba kusamuka ku Zomba, ine ndinabwera kuno pa lole ya boma, nditakhala pamwamba pa makabati a mafayilo, ndili ndi sutikesi imodzi ndi tayi wofiira amene ndinkadzimva naye. Mzinda wa Lilongwe nthawi imeneyo unali Old Town basi: msika, masitolo a amwenye, mlatho, ndi fumbi lolowa mpaka m'mano. Kumene lero mukuti City Centre, Area 10, Area 43, kunali minda, nthochi, makola a ng'ombe ndi midzi ya anthu. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya mmwenye wina wogulitsa nsalu, m'mawa n'kukwera Landirova kupita kumidzi ija. Ntchito yanga inali kulemba maina a anthu oti asamutsidwe kuti akapatsidwe malo atsopano, kenako kulemba lipoti la mmene kusamukako kwayendera. Ndiye usandione chonchi, ntchito yakoyi ine ndinaigwira isanapatsidwe dzina lalitali.

Kulakwa kwanga koyamba kunachitika ndisanaponde n'komwe m'mudzi. Fomu yolembapo anthu ndinaitaipa ndine, muofesi, bwana wanga ataima kumbuyo kwanga. Inali ndi nambala, dzina la mwini nyumba, ana angati, nyumba zingati, mitengo ya zipatso ingati. Dzina linali ndi mzere umodzi. Malo oikapo mzere wachiwiri analipo, koma ndinaona kuti pepala limakongola likakhala ndi mpata m'mbali. Tamva zimenezo! Kukongola kwa pepala. Choncho ndikuti, Tiyamike, chinthu chomwe sunachipatse malo pa fomu lero sudzachiona mpaka ntchito yonse idzathe, ngakhale chitakukhalira pamphuno. Ndondomekoyo usaimalizire pampando wa muofesi. Pita kaye ukakhale ndi amayiwo, uwafunse kuti iwo akamati tathandizika amatanthauza chiyani, kenako ubwere udzajambule mabokosi ako.

Tsiku lomwe tinafika m'mudzi wa Anankhoma, anthu anatiikira tebulo pansi pa mtengo wa mango. Abambo anakhala kutsogolo pamipando, amayi kumbuyo pamphasa, monga umadziwira. Ndinkaitana kuti, "Mwini nyumba!" bambo n'kuimirira n'kutchula dzina. Ataimirira mwamuna wina wamtali dzina lake Jailosi, chipewa chili m'manja, ndinamva mawu kuchokera kumbuyo kuja.

"Alembi, pepani. Amenewo ndi obwera. Pano ndi pa amayi anga, munda ndi wa amayi anga, ngakhale mtengo mwakhalirawu anaubzala ndi malume anga."

Anali mayi wachitsikana, mwana ali kumsana, atagwada. Anthu anaseka. Jailosi anati, "Musawamvere awa bwana, akwiya chifukwa cha nthochi zawo." Nanenso ndinaseka, mwana wanga, ndinaseka ndithu, n'kunena kuti, "Mayi, pepalali lili ndi mzere umodzi. Kodi inu ndi bambowa si thupi limodzi? Kumene akupita inunso mukupita komweko." Anawomba m'manja pang'ono n'kubwerera pamphasa. Ndinalemba Jailosi.

Wolembayo akanakhala mzungu wobwera dzulo, bwenzi tikuti sankadziwa. Koma ine? Ine ndinakulira pamalo a amayi anga ku Domasi. Bambo anga anali mkamwini, ndipo tsiku lomwe banja lawo linatha ndinawaona ndi maso angawa akuchoka ndi bulangete ndi nkhwangwa, nyumba yomwe anamanga okha n'kuisiya. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti kunonso kwa Achewa dothi limatsata kuchikazi, mwamuna amangobwera kudzakwatira. Koma nditavala tayi n'kugwira fomu, zakwathu zonse zinandichoka m'mutu, ndinayamba kuganiza ngati fomuyo. Iwe ukupita ku Mzimba kumene zinthu zimayenda mwina. Kumeneko mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ndipo mwamuna akamwalira wamasiye amatsala pakati pa alamu ake. Usakanyamule nzeru za kuno n'kukaziyala kumeneko osafunsa, paja safunsa anadya phula. Ndipo mawu oti banjawa uziwaopa. Ukalemba kuti banja lafikiridwa, wafikira ndani? Amene anaimirira ndi chipewa m'manja, kapena amene anali kumbuyo pamphasa? Uziwerenga munthu payekhapayekha, mkazi padera, mwamuna padera. Uzilembanso kuti musanafike inu, mundawo kapena nyumbayo inali m'manja mwa yani. Ine sindinalembe zimenezo tisanasamutse anthu, ndiye pambuyo pake panalibe pepala lililonse losonyeza kuti wina wataya kanthu.

Kulakwa kwina ndinakuchita anthu atasamuka kale. Patapita miyezi ingapo tinapita kumalo atsopano aja kukaona mmene akukhalira. Bwana wanga anali pa changu chifukwa akuluakulu ena ankabwera kudzayendera ntchito yomanga mzindawu, ndipo lipoti linkafunika Lachisanu. Tinapita pa Landirova ya boma, tili ndi wapolisi mmodzi ndi mkulu wina wa chipani, baji ili pachifuwa. Anthu anasonkhana. Ndinaimirira n'kufunsa mokweza kuti, "Kodi alipo ali ndi dandaulo?" Kunali zii. Ndinafunsanso. Bambo wina wachikulire anati, "Tikuthokoza boma potiganizira," anthu n'kuwomba m'manja. Mayi uja wa pansi pa mango ndinamuona ataima chapatali, ndowa ili pamutu, akundiyang'ana. Ndinalemba kuti palibe dandaulo lililonse. Mumtima ndinkadzitonthoza ndi mwambi uja woti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma masiku amenewo iwe sunawaone, Tiyamike. Munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amodzi olankhula pamowa. Panja pakakhala fisi, wa m'mimbayo amangodzipinda n'kupirira.

Ndiye mu ndondomeko yakoyo usangolemba mafunso okha ayi. Ulembenso kuti wofunsayo akhale ndani, akafunsire pati, apite pa galimoto yanji, ndipo pofunsapo pakhale ndani womvetsera. Mayi wamasiye sangakuuze kuti alamu ake anamulanda ng'ombe, alamuwo atakhala pampando pambali pako. Wotanthauzira Chitumbuka asakhale m'bale wa m'mudzi momwemo, ndipo iwe wekha ulimbikire kuchiphunzira, usakakhale ngati ine amene Chingerezi chinandikwana. Komanso amene anathandiza munthu asakhale yemweyo wokamufunsa kuti takuthandizani bwino kodi. Amalawife ulemu tinachita kuonjeza, munthu akhoza kukuthokoza ukumuponda chala. Amene wakuuza zoona, dzina lake ulibise ndithu, lisamangoyenda m'malipoti. Iwe ukwera galimoto n'kubwerera pa boma, iye atsala momwemo ndi anthu omwe wawanenezawo.

Ndaonanso kuti patsamba lina mukuwerenga misonkhano yomwe mudzachititse ndi anthu omwe adzabwere. Werengani, si zoipa. Koma anthu kumsonkhano amabwera ngakhale chifukwa cha fanta ndi malaya aulere, iwenso ukudziwa. Lipoti langa lija linali lodzaza ndi zomwe ife tinachita: maulendo a malole, zikhomo zomwe tinakhoma m'malire, zitsime zomwe tinakumba. Zonsezo zinali zoona, palibe nambala yomwe ndinapeka. Munalibe chabe mzere ngakhale umodzi wonena zomwe zinawachitikira anthuwo ife titachoka.

Zolakwa zimenezi mwina ukhoza kunena kuti unali ubwana. Chomwe ndikuuze tsopanochi ndilibe pothawira. Lipoti linapita, bwana anandigwira chanza pamaso pa anzanga, fayilo ya mudzi uja tinaimenya chidindo choti yatsekedwa n'kuiponya pamwamba pa kabati. Nthawi imeneyo tinali titalowa m'maofesi atsopano ku City Centre, penti akununkhabe. Chaka chisanathe kunabwera kalata yolembedwa pa pepala long'amba m'kope la kusukulu, dzanja lake la mphunzitsi, pansi pali chidindo cha chala. Inali ya mayi uja, ndipo m'menemo ndi momwe ndinadziwira kuti ndi Anankhoma. Inkanena kuti Jailosi watenga mkazi wina ndipo akuti malo ndi ake poti pepala la boma lili ndi dzina lake. Ankhoswe ayesa alephera. Iwo akupempha alembi aja abwere adzachitire umboni kuti anauzidwa zoona tsiku lija pansi pa mango. Ndinaiwerenga kawiri. Kukonza kunali kotheka, osavuta n'komwe: kutsitsa fayilo, kulemba kakalata kwa bwana, kupita tsiku limodzi. Koma kutero kukanasonyeza kuti lipoti langa lotamandidwa lija linali ndi chilema, ndipo dzina langa linali litapita kale kumwamba kuti ndikwezedwe. Ndinaipinda kalatayo n'kuiika m'dirowa pansi pa mapepala a kaboni otaipira, ndikuti ndiiona sabata yamawa. Zengerezu analinda kwawukwawu. Sabata yamawa ija mpaka lero sinafike.

N'chifukwa chake bokosi lako la milandu yotsekedwa landidwalitsa. Fayilo imatsekedwa muofesi, kumudzi nkhani imakhala ikuyamba kumene. Bwalo likhoza kugamula kuti wamasiye abwezeredwe munda, inu n'kuchonga m'bokosi, mvula ikagwa n'kupeza akulima mundawo ndi mlamu yemwe uja. Uike mu ndondomeko yako kuti mudzabwerera, nthawi yobzala ndiponso nthawi yokolola, kukaona kuti khasu lili m'manja mwa yani, chimanga chikulowa m'nkhokwe ya yani. Ulimbane nawo akuluakulu ako kuti ulendo wobwererawo aukonzeretu pachiyambi pomwe, chifukwa kumapeto aliyense amakhala akuthamangira lipoti. Ndipo utsegule khomo lina lolowera madandaulo, losadzera kwa munthu amene dandaulolo likumuyalutsa. Kalata ya Anankhoma inalibe vuto lililonse, inangofikira patebulo la munthu amene anali ndi chifukwa choibisira.

Ndikukumva kale ukuti, "Bambo, mukatumiza lipoti loipa thandizo limaduka, anthu n'kuchotsedwa ntchito." Sindikukana. Sindikunamiza kuti kubisa sikupindulitsa. Kumapindulitsa. Ine ndinakwezedwadi, ndinakwezedwanso, mpaka ndinapatsidwa nyumba ya boma ku Area 10 komwe unabadwira, ndipo sukulu yabwino yomwe unaphunzira inachokera mu phindu lomwelo. Koma tamva mmene ndinalidyera phindu limenelo, kenako udzasankhe wekha tsiku lomwe eni thandizo adzakupemphe nkhani zokoma zokhazokha.

Uli ndi miyezi itatu, amayi ako atatsala pang'ono kubwerera ku ntchito, pa geti panafika mayi wofunsa ntchito ya m'nyumba. Otere ankabwera ambiri, oyenda pansi kuchokera kumidzi yozungulira, m'mawa kulowa, madzulo kutuluka. Amayi ako anawakonda chifukwa iwe unkalira ngati mbuzi yomangidwa, koma iwo atangokunyamula unangoti chete. Ine sindinawazindikire. Zaka zinali zitapita, anali atawonda, ndipo a Nankhoma mu Lilongwe muno ndi ambiri. Ndinadzadziwa patapita miyezi, Loweruka lina ndikutsuka galimoto, iwo akuyanika matewera ako uku akucheza ndi amayi ako. Analoza mtengo wa mango kuseri kwa mpanda wa aneba athu n'kunena kuti, "Mayi, uwo anaubzala ndi malume anga. Apa pali thanki yanuyi panali nkhokwe yathu. N'chifukwa chake ntchito ndinkafunsa mumsewu uno wokha." Amayi ako anafunsa kuti nanga kumalo komwe anakupatsani kuja kunatani. Anayankha kuti Jailosi anagulitsa malowo kwa munthu wa m'tauni n'kupita ku fodya ku Kasungu ndi mkazi watsopano. Iwo anapita kubwalo, a bwalo anafunsa pepala, pepala linati Jailosi. Tsopano ankachita lendi kachipinda ku Kauma ndi ana atatu. Madzi a m'ndowa yanga anali akutayikira pansapato ine osamva.

Zaka makumi awiri anagwira ntchito m'nyumba mwathu. Ana awo ndinawathandiza sukulu, akadwala ndinkawathamangitsira kuchipatala pa galimoto, amayi ako n'kumauza anzawo kutchalitchi kuti bambo a Tiyamike ndi munthu wachifundo. Chifundo chake chiti! Ndinkangofuna kuti mtima undileke. Ndipo zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti sakundidziwa.

Tsiku lomwe anapuma ntchito, iwe uli ku koleji, ndinawaperekeza pa galimoto ndi katundu wawo. Titafika ku Kauma, ndisanazimitse injini, anati, "Zikomo, alembi." Masiku onse ankandiitana kuti bambo. Ndinazimitsa injini.

"Munandidziwa liti?"

"Pa geti pomwe paja, mukulemba dzina langa m'kabuku. Mumaluma cholembera mukamaganiza, simunasinthe."

"Nanga bwanji simunanene kanthu zaka zonsezi?"

Anamasula lamba wa mpando pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Ndinanena kawiri, alembi. Koyamba munaseka. Kachiwiri simunayankhe. Kachitatu ndimadikira kuti mufunse ndinu."

Anatsika. Ine bambo ako, imvi zili mbuu kumutu, ndinathandiza kutsitsa matumba, n'kunena kuti mutsale bwino, n'kuliza galimoto. Sindinafunse, sindinapepese. Kuyambira pamenepo tikapita kukawaona ndi iwe kapena ndi amayi ako, ndimatsala m'galimoto n'kumati bondo likundipweteka. Bondo langa lili bwinobwino. Amayi ako ndawauza zonsezi m'mawa uno musananyamuke, ndiye ngati waona kuti lero sakunenerera mitengo m'masitolo monga amachitira, chifukwa chake n'chimenechi. Usawavutitse ndi mafunso, mlandu ndi wanga.

Ku Mzimba kumazizira, uzivala, usamati ndine wa ku Lilongwe ndinazolowera. Uziwaimbira amayi ako Lamulungu lililonse ngakhale ulibe chonena. Ntchitoyo uigwira bwino, mutu uli nawo woposa wanga, ndipo mtima wako anauumba ndi amayi awiri abwino. Koma ndikubwerezanso, mwana wanga: ulembe munthu aliyense ndi dzina lake, umufunsire pomwe angayankhe mosaopa, ubwerere fayilo itatsekedwa, ndipo dandaulo likafika patebulo pako uliyankhe tsiku lomwelo ngakhale likukuyalutsa.

Mawa basi yako inyamuka masana. Ndapempha amayi ako kuti tichoke m'mamawa, tidzere ku Kauma ukatsanzike Anankhoma. Ulendo uno ine ndikatsika m'galimoto. Malo aja sindingawabwezere, pali nyumba za anthu ena tsopano, ndipo madzi akatayika saoleka. Koma ndikalowa, ndikakhala pansi osati pampando, ndikawafunsa zomwe akhala akudikira kuti ndifunse, ndipo chomwe akanene ndikamvetsera mpaka amalize. Ndikufuna iwe ukakhalepo. Ndimadzidziwa ndekha, ndikhoza kuyamba kuzungulira, kukamba za mvula ndi feteleza. Ukakaona choncho ukanene pamaso pawo kuti, "Bambo, si zimene tabwerera." Ukatero tikakuperekeza ku depoti. Ngati kumeneko sukafuna kundigwira chanza ndikamvetsa. Chikwama chokha undilole ndikakunyamulire mpaka pachitseko cha basi.

Ndine,
Bambo ako